Foni Idzakuuzani Mtengo, Koma Thumba Musenza Nokha

Chaka ndi chaka, mwezi wa Meyi ukangolowa, misewu ya fumbi ya m'Chigawo cha Kum'mawa imadzala ndi masikelo. Ena amapachikidwa pa nthambi ya mango, ena pa khonde la golosale, ena pa mphambano iliyonse pamene ngolo zimadutsa. Zimenezi si zachilendo, pakuti makolo athu anazionanso. Chachilendo m'zaka zino n'chakuti wogula ndi wogulitsa onse awiri ali ndi foni m'manja. Mlimi wa ku Chadiza kapena ku Vubwi angathe kudziwa m'mawa mtengo wa soya ku Lusaka, koma dzuwa likamapendeka amagulitsabe pa mtengo umene wanena mwini sikelo wa pamphambano.

Masiku ano pa msonkhano uliwonse wa zaulimi timamva kuti mafoni, intaneti ndi makompyuta ndizo zidzatulutsa alimi ang'onoang'ono mu umphawi. Ife sititsutsana ndi zipangizozi. Timazigwiritsa ntchito, ndipo timaphunzitsa nazo. Koma maganizo athu ndi awa: foni ikakhala m'manja mwa mlimi mmodzi yekha, wokhala ndi matumba asanu ndi ngongole yomudikira pakhomo, imangomuonetsa kukula kwa zimene akutaya. Foni yomweyo ikakhala m'manja mwa gulu lokhala ndi sikelo yoona, buku lolembedwa bwino ndi malo osungira mbewu, imasanduka chida chenicheni. Chotero mpingo, makopaletivu ndi boma tiyenera kuyamba ndi gulu, sikelo ndi buku, ndipo foni ibwere kudzatumikira zimenezi.

Manja amene thumba limadutsamo

Akatswiri a zachuma akamalankhula za ulendo wa mbewu kuchokera kumunda kufika pa mbale, amawerenga manja onse amene thumba limadutsamo. Tiyeni titsatire thumba la nshawa. Ulendo wake umayamba mvula isanagwe n'komwe: kwa ofufuza a ku Msekera, pafupi ndi Chipata, amene amayesa mitundu monga MGV4 ndi MGV5, kwa ochulukitsa mbewu, ndi kwa wogulitsa zipangizo za ulimi pa boma. Kenaka pamabwera mlimi ndi banja lake, amene amabzala, kupalira, kukumba, kuumitsa ndi kuswa. Likachoka kwa mlimi, thumba limapita kwa wogula wa m'mudzi amene amasonkhanitsa meda ndi meda, kwa mwini galimoto, kwa wamalonda wamkulu wa m'tauni, ku fakitale yopanga chiponde kapena mafuta ophikira, ndipo potsiriza kwa mayi wa ku Kanyama kapena ku Matero amene amagula botolo m'shopu.

Dzanja lililonse limatengapo kanthu, ndipo m'pake, pakuti lililonse limagwira ntchito. Pano tisiyana maganizo ndi amene amati cholinga cha luso la makono ndicho kuchotseratu ogula a m'midzi. Munthu wa sikelo uja amafika kumene galimoto zikuluzikulu sizifika. Amagula ngakhale meda zitatu, amalipira pompopompo, ndipo thumba likabedwa kapena kunyowa pa njira, wotaya ndi iyeyo. Amene adzamuchotse ayenera kukhala wokonzeka kugwira ntchito zonsezi. Vuto silakuti iye alipo ayi. Vuto ndi lakuti nthawi zambiri amakhala yekha pa mphambanopo, sikelo ndi yake, mtengo amanena yekha, ndipo palibe cholembedwa chilichonse chotsala m'manja mwa mlimi. Pa manja onse amene tawatchula, la mlimi ndilo limagwira ntchito nthawi yaitali koposa, komanso ndilo lokhalo limene siliuza mnzake mtengo.

Zimene e-voucher inatiphunzitsa

Dziko lathu silinayambe lero kuyesa makompyuta pa ulimi. Boma linayamba kuthandiza alimi ndi feteleza wotsika mtengo mu 2002, ndipo mu 2009 ndondomekoyi inalandira dzina limene tonse tilidziwa, FISP. M'nyengo ya 2015/16 boma linayesa e-voucher m'maboma 13, ndipo pofika nyengo ya 2017/18 linaifalitsa m'dziko lonse. Mlimi ankaika K400, boma n'kuwonjezera K1,700, ndipo ndalamazo zinkalowa pa khadi limene mlimi ankapita nalo kwa wogulitsa zipangizo. Pa ndalama zonsezo, K100 inkapita ku inshuwalansi ya nyengo. Maina a alimi anayamba kusungidwa m'kaundula wa pa kompyuta wotchedwa ZIAMIS.

Nzeru yake inali yabwino, ndipo tiyenera kuivomereza. Mlimi anapatsidwa ufulu wosankha yekha chimene afuna, kaya mbewu ya nyemba, kaya mankhwala a ziweto, m'malo molandira feteleza ndi chimanga chokhachokha. Maina a anthu amene kulibe anayamba kuonekera poyera. Mashopu a zipangizo za ulimi anatsegulidwa m'malo amene kale kunalibe.

Komabe tonse tikumbukira zimene zinachitika m'madera ambiri. Makadi ena anatsegulidwa mochedwa, chimanga chitafika kale m'mawondo. Makina a ogulitsa ankakana kugwira ntchito kumene netiweki ndi yofooka. Ogulitsa ang'onoang'ono analibe mpamba wodzazira mashopu awo, ndipo mlimi ankafika ndi khadi lokhala ndi ndalama n'kupeza feteleza watha. N'chifukwa chake m'nyengo yotsatira maboma ambiri anabwerera ku njira yakale yolandira matumba mwachindunji, kufikira pamene boma linayambanso kubwezeretsa e-voucher m'zaka zaposachedwa.

Phunziro lake n'loonekeratu. Khadi silinali ndi mlandu. Chimene chinavuta ndi zinthu zimene khadilo linkayembekeza kuzipeza zili m'malo: ndalama zotuluka pa nthawi yake, nsanja ya netiweki, msewu wodutsika, shopu yodzala katundu. Kompyuta imafulumizitsa ntchito imene yakonzedwa kale bwino. Ntchito ikakhala yosakonzeka, kompyuta imangosamutsa mzere wa anthu kuchoka ku shedi kupita ku banki. Feteleza wofika mu Januwale ndi wochedwa, kaya wabwera ndi pepala kaya ndi uthenga wa pafoni.

Chifukwa chake mlimi amagulitsa akudziwa kuti akutaya

Nkhani ya mitengo nayonso ili chimodzimodzi. Bungwe la alimi la ZNFU linayamba kalekale kutumiza mitengo ya mbewu pa uthenga wa foni kudzera pa nambala ya 4455. Mu 2017 bungwe la WFP linayesa msika wa pafoni wotchedwa Maano, wolumikiza alimi ndi ogula. Mawailesi athu, monga Breeze FM ndi Radio Maria ku Chipata, amafika m'midzi imene nyuzipepala sizifika. Lero pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi wachinyamata amene ali m'gulu la WhatsApp lokambirana za malonda. Kusadziwa mtengo kwachepa ndithu. Nanga n'chifukwa chiyani kugulitsa motchipa sikunachepe mofanana?

Chifukwa choyamba ndi nthawi. Mtengo wa chimanga umatsika kwambiri kuyambira Meyi mpaka Julayi, pamene aliyense akugulitsa, ndipo umakwera kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, pamene nkhokwe zauma. Mlimi aliyense adziwa zimenezi popanda foni. Koma mu Meyi ndi momwe sukulu zimatsegulira chigawo chachiwiri, ndi momwe aganyu amafuna malipiro awo, ndiponso ndi momwe mwini ngongole ya feteleza amagogoda pakhomo. Bungwe la FRA limadikira kuti chinyezi cha chimanga chitsike kufika pa 12.5 peresenti lisanayambe kugula, ndipo m'zaka zina alimi adikira nthawi yaitali kuti alandire ndalama zawo. Amakolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu amene mwana wake wadwala usiku sangadikire mtengo wa Januwale.

Chifukwa chachiwiri ndi kuchepa kwa katundu. Mtengo wa ku Lusaka ndi wa munthu amene wafikitsa mbewu ku Lusaka. Kuchokera ku Chipata kufika kumeneko pa msewu wa Great East pali makilomita oposa 550, ndipo palibe mwini galimoto amene adzayenda mtunda umenewo chifukwa cha matumba asanu. Galimoto ya matani 30 imanyamula matumba 600 a makilogalamu 50. Mlimi mmodzi sangaidzaze, koma alimi 60 okhala ndi matumba 10 aliyense angathe. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Chifukwa chachitatu ndi kusunga. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, pamene mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga, mwa mahekitala 2.2 miliyoni obzalidwa, anapserera. Chaka chimenecho mtengo unakwera, koma ambiri analibe chogulitsa. Mu 2025 dziko linakolola matani oposa 3.6 miliyoni, ndipo vuto linatembenuka: chimanga chambiri, ogula osankha. Zaka ziwiri zotsatizanazi zikutikumbutsa nzeru ya Yosefe ku Aigupto, amene anasunga za zaka za dzinthu kuti zithandize m'zaka za njala. Lamulo la ngongole za ulimi la 2010, Agricultural Credits Act, linatsegula njira yoti mlimi asungitse mbewu m'nyumba yovomerezeka, alandire lisiti, ndipo lisitilo aligulitse pambuyo pake kapena atengere ngongole. Ntchitoyi inapatsidwa ku ZAMACE. Koma nyumba zoterezi zambiri zili m'matauni, ndipo zimafuna mbewu yochuluka, youma ndi yosankhidwa bwino. Apanso khomo limatsegukira gulu.

Sikelo, buku ndi malipiro

Ngati zili choncho, foni ingathandize pati? Ife tiona malo atatu pamene kopaletivu iliyonse ingayambire chaka chino, popanda kudikira thandizo lochokera kunja.

Poyamba ndi pa sikelo. Tiwerengere pamodzi. Mu 2025 FRA inkagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K340, kutanthauza K6.80 pa kilogalamu. Sikelo ikamadya makilogalamu 2 okha pa thumba lililonse, mlimi wataya K13.60. Pa matumba 40 wataya K544, ndalama yoposa K400 imene amaika ku FISP. Wataya feteleza wa chaka chamawa asanakambirane n'komwe za mtengo. Lamulo lifuna kuti sikelo yogwiritsidwa ntchito pa malonda iyesedwe ndi bungwe la Zambia Metrology Agency ndi kuikidwa chizindikiro chake, ndipo mlimi ali ndi ufulu wofunsa kuti achione. Kopaletivu igule sikelo yakeyake yoonetsa manambala, ndipo membala aliyense ayeze mbewu yake asanakumane ndi wogula. Kuyesa sikelo ya mlendo sikufuna sukulu: lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, chotero malita 20 oyezedwa bwino m'chigubu ayenera kuonetsa makilogalamu 20 kuwonjezerapo kulemera kwa chigubucho. Foni ijambule nambala imene sikelo yaonetsa, thumba lili pomwepo. Mkangano wa mawa umatha ndi chithunzi cha lero.

Kachiwiri ndi pa buku. Makopaletivu ambiri m'dera lathu amadzuka mu Seputembala pofuna feteleza, n'kugonanso mu Januwale. Alibe cholembedwa chosonyeza kuti mamembala awo amalima malima angati, amakolola matumba angati, ndipo amagulitsa kwa yani. Wogula wamkulu akafunsa kuti, kodi mungandipatse matani angati a soya pofika Julayi, wapampando amangoyang'ana kumwamba. Buku ndilo limayankha funso limenelo. Thumba lililonse lofika ku shedi lilembedwe: dzina la mwini wake, tsiku, kulemera, mtundu wa mbewu. Mwini wake alandire uthenga pa foni yake wonena zomwezo, ngakhale foniyo ikhale yaing'ono ya mabatani. Kumapeto kwa sabata mlembi ajambule tsamba la bukulo ndi kulitumiza ku gulu lonse, kuti likanyowa kapena kusochera, umboni ukhalepo m'mafoni khumi. Pakatha zaka zitatu, buku lotere limasanduka mbiri, ndipo mbiri ndiyo imene banki ndi fakitale zimafunsa zisanakhulupirire alimi amene sizinawaonepo. Apa ndi pamene uthenga wa mitengo umayamba kukhala ndi phindu, pakuti mlembi wokhala ndi matumba 600 olembedwa angathe kuimbira ogula atatu ndi kuwauza kuti apikisane.

Kachitatu ndi pa malipiro. Makopaletivu ambiri anaphwasuka chifukwa cha chikwama cha ndalama chimene chinagona usiku umodzi kunyumba kwa msungichuma. Airtel Money, MTN MoMo ndi njira ya Zamtel zimalola kuti ndalama za membala aliyense zipite pa nambala yake, ndipo uthenga wotsala umasonyeza kuchuluka kwake, tsiku ndi ola. Zimenezi zimateteza membala, komanso zimateteza dzina la msungichuma wokhulupirika, amene kale ankanenedwa popanda umboni. Koma gulu likambiranetu zinthu ziwiri. Kutapa ndalama kwa ejenti kumadya kanthu, ndipo kuyambira Januwale 2024 pali msonkho wa boma pa kutumiza ndalama pafoni. Mugwirizane ndi wogula kuti adzalipira ndani. Ndiponso ejenti wa m'mudzi sakhala ndi ndalama zokwanira alimi 60 tsiku limodzi, chotero auzidwiretu, kapena malipiro agawidwe masiku angapo. Tsiku lolipira lilembedwe m'pangano. Kalata ya Yakobo, pamutu 5, imachenjeza mwamphamvu amene amakaniza malipiro a anthu okolola m'minda yawo, ndipo chenjezo limenelo silisintha chifukwa chakuti ndalama zikuyenda pafoni.

Muyeso woona uyang'ana mbali zonse

Malembo amabwereza nkhani ya muyeso kambirimbiri. Levitiko 19, Deuteronomo 25 ndi Miyambo 11 zonse zimaletsa miyeso yonyenga, ndipo mneneri Amosi, pamutu 8, amadzudzula amalonda amene amachepetsa muyeso, kukweza mtengo ndi kugulitsa ngakhale zinyalala za tirigu. Timakonda kuwerenga ndime zimenezi tikuloza chala mwini sikelo. Koma zimalankhulanso kwa wogulitsa.

Ogula amadandaula za mchenga ndi miyala pansi pa thumba, za thonje lowazidwa madzi, ndi za nshawa zonyowetsedwa kuti zisweke msanga kapena kuti zilemere. Nshawa zonyowetsedwa zimachita chuku, ndipo chukucho chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Poizoni ameneyu ndiye amatsekereza nshawa za m'maiko a kuno kwathu ku misika yolipira bwino ya kunja. Wogula akaopa kunyengedwa, amatsitsa mtengo kwa onse, ndipo mlimi wosamala amalipira mlandu wa mnzake wosasamala.

Apa buku ndi foni zimachita chinthu chimene kale chinali chovuta. Thumba likakhala ndi nambala yolozera kwa mwini wake, mbewu yabwino imadziwika kumene yachokera, ndipo yoipa imabwerera kwa mwini wake m'malo moipitsa dzina la mudzi wonse. Mabungwe ogula mbewu m'chigawo chathu, monga COMACO ndi Good Nature Agro, amagwira ntchito ndi alimi olembedwa m'magulu, pakuti amafuna kudziwa amene analima ndi mmene analimira. Gulu lofuna mtengo wabwino liyenera kulimba mtima ndi kubweza thumba lonyowa, ngakhale likhale la mkulu wa mpingo kapena la mbale wa amfumu.

Walira mvula walira matope

Tisabise kuti foni yabweretsanso mavuto akeake. Loyamba ndi akuba. Pafupifupi aliyense analandirapo uthenga wonena kuti ndalama zija mutumize pa nambala iyi, kapena foni ya munthu wodzitcha wa ku kampani, wofunsa nambala yachinsinsi. Anthu otere amadziwa bwino nyengo imene alimi amalandira ndalama. Palibe kampani, banki kapena ofesi ya boma imene imafunsa PIN pafoni. Nambala yolandirira malipiro ikhale yolembetsedwa pa reji ya mwini wake, osati ya mdzukulu kapena ya mnansi, pakuti foni ikatayika, mwini reji yekha ndiye angabwezeretse nambalayo ndi ndalama zake.

Lachiwiri ndi ngongole za pafoni. Zimabwera m'mphindi imodzi, popanda mboni ndi popanda manyazi, ndipo zimafuna kubwezedwa m'masabata ochepa. Chimanga chimatenga miyezi inayi kapena isanu m'munda. Ngongole ya mwezi umodzi yogulira feteleza ndi kaloba wovala malaya oyera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Magulu osunga ndalama a m'midzi ndi m'mipingo amayenda pang'onopang'ono, koma chiwongoladzanja chake chimabwerera kwa mamembala pa tsiku logawana.

Lachitatu ndi la amayi. M'chigawo chathu nshawa ndi mbewu imene amayi amaigwirira ntchito koposa, ndipo kale ndalama za meda zingapo zinkalowa m'manja mwawo n'kugula mchere, sopo ndi makope a ana. M'mabanja ambiri foni ndi imodzi, ndipo imakhala m'thumba la bambo. Malipiro akasamukira pafoni popanda kulingalira, ndalama za mayi zimasamukiranso m'thumba lomwelo, iye osadziwa n'komwe kuti zalowa zingati. Kopaletivu ilembe dzina la amene analima, ndipo imufunse iye mwini nambala imene afuna kulandirirapo.

Lachinayi ndi la maina athu. Anthu ambiri amafika m'midzi ndi matabuleti, kulemba maina, manambala a reji, kukula kwa minda, ngakhale kujambula nkhope. Kaundula wotere ndi chuma, chifukwa wodziwa zimene mudzi wakolola amadziwanso mtengo umene mudziwo ungavomere. Lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act la 2021, limapatsa munthu ufulu wodziwa chifukwa chimene akulembedwera ndi wokana. Safunsa anadya phula. Amfumu ndi akomiti afunse kuti olembawo achokera kuti, mainawo apita kwa yani, ndipo gulu lisiyiridwe kope la zonse zimene zalembedwa.

Ngakhale inshuwalansi ya nyengo ifunika kuimvetsa bwino. Siyendera munda wa munthu. Imalipira potsatira mvula imene makina a m'mlengalenga ayeza m'dera lonse, chotero munda wanu ungathe kupserera koma malipiro osabwera, ngati chiwerengero cha dera chasonyeza kuti mvula inakwana. Amene amaigulitsa ayenera kufotokoza zimenezi m'chinenero chathu mlimi asanalipire.

Pempho lathu

Kwa akomiti a makopaletivu tikuti: musadikire pulogalamu ya pafoni yochokera kutali. Yambani ndi sikelo, buku la chikuto cholimba, foni imodzi ya gulu ndi kasola kotchajira. Gulani matumba osalowa mpweya, monga a PICS, amene amapha anankafumbwe popanda mankhwala, kuti mamembala athe kusunga gawo la mbewu kufikira mtengo utakwera. Lumikizani kopaletivu ndi gulu losunga ndalama, kuti membala wopanikizika mu Meyi abwereke kwa anzake m'malo mogulitsa munda wonse pa mtengo wolira.

Kwa mipingo tikuti: palibe bungwe lina limene limasonkhanitsa anthu a m'mudzi sabata iliyonse monga mmene mpingo umachitira. Mphindi zisanu za zolengeza zikwanira kuwerenga mitengo ya sabata imeneyo ndi kuchenjeza za akuba a pafoni. Denga la tchalitchi lingasenze sola yotchajira mafoni. Achinyamata amene anamaliza Giredi 12 n'kukhala pakhomo ndiwo alembi amene makopaletivu akuwasowa. Apatsidwe ntchitoyo ndi kamalipiro kochokera pa thumba lililonse, ndipo akulu aziwerengera bukulo pamodzi nawo, pakuti luso la zala za mwana lifunika kuyenda ndi maso a munthu wodziwa anthu a m'mudzimo.

Kwa opanga mapulogalamu tikuti: alimi ambiri ali ndi mafoni a mabatani, amawerengera talk time iliyonse, ndipo ena sawerenga Chingerezi. Chimene sichigwira ntchito pa uthenga wamba kapena pa mawu olankhulidwa m'Chinyanja sichinapangidwire iwo. Ndipo musanachoke thandizo la ndalama likatha, muwauze alimi kuti zolembedwa zawo zitsala ndi yani.

Kwa boma tikuti: nsanja za netiweki, misewu ya kumidzi, milatho ing'onoing'ono ndi mashedi ndizo maziko a zonse zimene tanenazi. Oyesa masikelo afike pa mphambano za m'midzi mu Meyi ndi Juni, pamene malonda ali pakati. Mlangizi wa pa kampu asalowedwe m'malo ndi uthenga wa pafoni, koma apatsidwe mafuta a njinga yamoto ndi foni yogwira ntchito, pakuti chithunzi cha mbozi pa tsamba la chimanga chifunabe munthu woti afike m'mundamo ndi kuona. Koposa zonse, zipangizo zifike mvula isanagwe, ndipo malipiro a mbewu atuluke pa tsiku lolonjezedwa.

Inu owerenga athu, pa msonkhano wotsatira wa gulu lanu imirirani ndi kufunsa mafunso atatu. Sikelo yathu ili kuti, ndipo inayesedwa liti? Buku lathu likusunga ndani, ndipo tingaliwerenge? Ndalama za mbewu yathu zidzafika pa nambala ya yani, ndipo tsiku liti? Mayankho ake alembedwe m'maminitsi, ndipo muwabweretse pa maphunziro athu otsatira kuti tidzakambirane pamodzi. Ambuye adalitse minda yanu ndi ntchito za manja anu.